Mbiri ya Malemu Macfussy Nampinga, Woliza Belu wa pa Gelemolo

Abusa, anamfedwa, ndi inu nonse amene mwasinthana mashifiti ndi anzanu kuti mufike kuno ku manda a Dukhan, m'dziko lino la Qatar, amene tawanyamulawa ndi Bambo Macfussy Walije Nampinga. Anabadwa pa 9 Marichi 1966 m'mudzi mwa Mulemba, m'malire mwa esiteti ya tiyi ya Gelemolo, m'boma la Thyolo. Wowerenga mbiriyi ndine Everson Likagwa, wotumiza katundu uja wa ku Najma. Theka la inu mafiriji anu anafika kwanu atadutsa m'manja mwanga. Ndinayamba ndi mazira owiritsa pa siteshoni ya Luchenza, lero pasipoti yanga ndi yachinayi. Ndaponda maiko khumi ndi asanu ndi awiri, ndakhalapo pa maliro ku Guangzhou, ku Istanbul ndi ku Durban, choncho ndikanena chinthu muzimva. M'dziko lino tchalitchi sichiliza belu, nonse mukudziwa. Koma musanakutumule mchenga ku nsapato zanu lero, mumva belu la tchalitchi likulira pa manda ano, ndipo lilira chifukwa cha mlonda wa pa geti.

Malemu anabadwira m'banja la oliza belu, ndipo mbiri yawo singamveke popanda belulo. Gelemolo ndi katchulidwe kathu, eni ake ankati Glenmorrow. Anali azungu olima khofi amene anadzakhala m'mapiri athu tiyi asanabwere. Mu 1893 anaitanitsa mlaliki wawo woyamba, mbusa Aldous Pettigrew, amene makolo athu ankangoti Petigulu. Ameneyu musamusokoneze ndi amishoni. Amishoni anali ndi zawo, komabe ankaphunzitsako ana a anthu kulemba. Petigulu anadzera azungu anzake okha: kubatiza makanda awo, kuwakwatitsa, ndi kuwaika m'manda malungo akawagwetsa. Ulaliki wake woyamba anauchita pansi pa mtengo wa mbawa, ataima pa mwala, pamaso pa azungu khumi ndi mmodzi ndi agalu awo. Anthu amene anawanyamula pa machila anauzidwa kudikira kutsidya kwa mtsinje, kuti fungo la thukuta lisasokoneze nyimbo.

Mu 1905 azunguwo anamangitsa tchalitchi cha njerwa, zoumbidwa ndi anthu a thangata. Belu linachokera ku Scotland, linatsika sitima ya pamadzi pa Chiromo. Amuna khumi ndi asanu ndi mmodzi analinyamula pamapewa kukwera nalo mapiri masiku asanu ndi anayi. Awiri anafera m'njira, anakwiriridwa m'mbali mwa njiramo, ulendo n'kupitirira. Pakati pa amene anafika panali mnyamata wochokera ku Mozambiki, dzina lake Nampinga, agogo a malemuwa. Petigulu ataona mapewa ake, anamupatsa chingwe.

Petigulu yemweyo analemba lamulo m'buku la tchalitchi. Munthu akamwalira, belu lizilira kamodzi pa chaka chilichonse chimene anakhala ndi moyo, kuti a m'minda yakutali awerenge ndi kudziwa msinkhu wa wapitayo. Ife timangoti mabelu: wakuti anamulizira mabelu makumi asanu. Koma ulemu umenewu unali wa okhawo amene banja lawo lili ndi benchi m'tchalitchimo, yokhomedwa dzina pa kachitsulo ka mkuwa. Tsono woliza belu benchi aitenga kuti? Malo ake ndi pakhomo, chiimire, chingwe m'manja. Agogo Nampinga analizira azungu zaka makumi asanu ndi chimodzi. Atamwalira mu 1956, mzungu wa pa esiteti anati ngakhale akanafuna kuwalizira, zaka za munthu wakuda aziwerenga kuyambira pati? Chingwe chinapita kwa mwana wawo, Bambo Walije Nampinga, bambo ake a malemuwa.

Dziko litalandira ufulu, azungu a pa Gelemolo anachoka mmodzimmodzi, tchalitchi n'kutsalira anthu athu. Apa ndiye mumvetsere, chifukwa m'maiko onse amene ndayenda sindinaone zonga izi. Akuluakulu a mpingo sanazule maina a azungu pa mabenchi. Anagawana mabenchiwo, aliyense n'kukhala pansi pa dzina la mzungu wake, n'kumalipukuta Loweruka lililonse ndi phulusa ndi mandimu. Mpaka anthu anayamba kuwaitana ndi maina omwewo, iwo n'kumavomera mokondwa. Kapitawo wamkulu wa pa esiteti, Bambo Grayson Mulewa, anatenga benchi ya kutsogolo ya banja la MacAllister, ndipo kuyambira pamenepo Thyolo yense amawadziwa kuti a Makalisita. Galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Lamulo la belu analisunga monga analisiyira mwini wake. Mtengo wa mbawa uja anaumangira mpanda. Mwala umene Petigulu anaimapo amaupaka laimu chaka ndi chaka. Kasupe amene ankatungapo madzi obatizira ana a azungu anaikapo chikwangwani, ndipo manda ake amawasesa kuposa pakhomo pa amayi awo owabereka. Zidzukulu za azunguwo zikabwera kudzajambula, akuluakulu athu amavala majekete dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, n'kumaziperekeza mwala ndi mwala atapinda manja kumbuyo. Afunseni pamene anagona amuna awiri onyamula belu aja. Adzakuyang'anani ngati mwawafunsa njira ya ku mwezi.

M'malo otere ndi mmene anakulira Bambo Macfussy. Anayamba sukulu pa pulayimale ya pa esiteti mu 1973, anamaliza Sitandade 8 mu 1981, kenako anaphunzira sekondale ya masana pa Luchenza mpaka Fomu 2. Anali akuthwa pa masamu. Koma sukulu yawo yeniyeni inali m'nsanja ya belu, kumene bambo awo anawaphunzitsa zimene sizinalembedwe m'buku la Petigulu: kakokedwe ka chingwe kuti belu lilire kamodzi osabwereza, ndi kamangidwe ka lilime. Lilime ndi chitsulo cha m'kati chija chimene chimagunda belu. Silimangidwa ndi waya kapena unyolo. Limalendewera pa lamba wa chikopa cha pakhosi pa ng'ombe yamphongo, wonyikidwa m'mafuta a nsatsi milungu isanu ndi umodzi, wopindidwa patatu ndi kusokedwa ndi chikopa chomwecho. Lamba ameneyu amasinthidwa zaka zisanu zilizonse. Azungu anawo sankadziwa, a Makalisita anawo sankadziwa. Iwo ankangomva belu likulira n'kumaganiza kuti limalira chifukwa ndi la ku Scotland.

Mu 1985 analembedwa ntchito pa esiteti ngati kalaliki wa pa sikelo, woyeza tiyi wa otchola. Amayi otchola tiyi amawakumbukira mpaka lero kuti ndi kalaliki yekhayo amene sankaponda sikelo. Mu 1989 anamanga banja ndi Mayi Eveless a m'mudzi mwa Mulemba momwemo, m'tchalitchi cha pa Gelemolo. Tsikulo belu analiza bambo awo, mkwati ndi mkwatibwi atakhala pa mpando wobwereka, poti benchi analibe. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu Ogasiti 1998 Bambo Walije anamwalira ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri, ataliza belulo zaka makumi anayi ndi ziwiri osajomba ngakhale Lamulungu limodzi. Bambo Macfussy anapita kwa akuluakulu a mpingo, anavula chipewa, anakhala pansi, n'kupempha mabelu a bambo awo. A Makalisita anatsegula buku, ngakhale lamulolo ankalidziwa pamtima kuposa Pemphero la Ambuye.

"Mwana iwe, buku ndi buku," anatero. "Bambo ako benchi yawo inali iti?"

"Akanakhala pa benchi, bambo, belu lanulo akanaliza ndani?"

Anauzidwa kuti atuluke, akaphunzire kuyankha akulu.

Tsiku la maliro, bokosi likudutsa pamsewu kupita ku manda a anthu wamba kunsi kwa tchalitchi, Bambo Macfussy anapatuka pagulu, analowa pakhomo la nsanja, anagwira chingwe. Analiza monga anaphunzitsidwira, modekha, kulola kulira kulikonse kufike ku phiri ndi kubwerera. Anafika pa makumi awiri ndi atatu. Pamenepo a Makalisita, mkulu wa mpingo, bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi, anatulukira ndi mpeni wodulira tiyi, anakwera pa mpando, n'kudula chingwe pamwamba pa manja awo. Anthu a m'midzi yakutali, amene ankawerenga monga mwa chizolowezi, anaima ndi makasu m'manja n'kumafunsana kuti mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zitatu wamwalirayo ndi mwana wa yani. Nkhalamba imene inalizira dziko lonse inaikidwa ngati mnyamata wosakwatira. Anatsala mabelu makumi anayi ndi anayi. Chimenechi ndicho malemu anachinyamula moyo wawo wonse, ndipo sanachitule mpaka tsiku lomaliza.

Sabata yomweyo anadulidwa mu mpingo. Mwezi usanathe ntchito ya pa sikelo inatha, poti kapitawo wamkulu ndi mkulu wa mpingo anali munthu mmodzi, ankangosintha jekete. Anapita ku Limbe kukalondera sitolo za amwenye zaka zisanu. Mu 2004 analowera ku Joni. Ine ndinakumana nawo chaka chotsatira pa mzere wa pa Beitbridge, ndili ndi mabelo anga a mabulangete, iwo ali ndi kachikwama kamodzi. Tinaima dzuwa lonse limodzi. Pofika kutsogolo kwa mzere ndinali nditadziwa kulemera kwa belu la pa Gelemolo, kutalika kwa chingwe chake, ndi chiwerengero chotsalacho. Munthu aliyense amene anakhalapo nawo ola limodzi amachidziwa. Anachilemba ngakhale m'kati mwa chipewa chawo cha ulonda. Mu 2008, eni dziko atayamba kuthamangitsa alendo, anabwerera kumudzi wopanda kanthu. Anapeza chingwe cha belu chili m'manja mwa mphwake wa a Makalisita, amene ankalikoka ngati akukoka mbuzi yokana kulowa m'khola. Lamba wa lilime ankamusintha ndi malemuwa mwakachetechete, mlonda wa tchalitchi akawatsegulira, chifukwa ankati belu silinawalakwire.

Mu 2012 ndinawalumikiza ndi wolemba anthu ntchito, n'kubwera kuno ku Qatar. Analondera nyumba za ku Fereej Bin Omran zaka zisanu ndi chimodzi, maola khumi ndi awiri patsiku, chiimire, monga anaimira agogo awo ndi bambo awo. Mudiri wawo, bwana wa pa ntchitoyo, ali pano, mutha kumufunsa ngati anachedwapo ngakhale mphindi imodzi. Ankagona ku Najma, anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda, bedi lawo lili pansi pa la Bambo Jafali a ku Mangochi, dalaivala, amene anakhala m'bale wawo weniweni ngakhale wina ankapita ku mzikiti wina ku tchalitchi. Lachisanu lililonse ankakwera basi kupita kukapemphera ku Mesaimeer, kumene kuli matchalitchi. Tsiku loyamba anazungulira malo onse a matchalitchi aja akuyang'ana m'mwamba, kufuna nsanja. Atauzidwa kuti kuno kulibe belu, anaseka mpaka misozi. Abusa athu ano anawalandira osawafunsa benchi. Bambo Jafali ankakonda kuwaseka mwazini akamaitana anthu ku mzikiti: "Achimwene, mwamumva mnzanuyo? Wochenjera ameneyo, amaitana ndi pakamwa. Nanga Grayson wanuyo angamudule pati?"

Mu Januwale 2015, mvula ija inagwetsa nyumba kumwera konse, nsanja ya pa Gelemolo inagwa, poti chiswe chinali chitadya kale mitanda pamene akuluakulu ankatanganidwa ndi kupaka mwala laimu. Belu linagwera m'matope, mwamwayi silinasweke. Akuluakulu analemba makalata asanu ndi awiri kupita kwa zidzukulu za azungu awo. Yankho linabwera limodzi: khadi ya Khirisimasi ya chithunzi cha chipale, ndi mawu oti akuwakumbukira m'mapemphero. Anapachika limu ya galimoto pa mtengo wa mango n'kumaigogoda ndi chitsulo. Pa mbawa ya Petigulu sakanaipachika, akuti ndi mtengo wopatulika. Patapita miyezi, wina anakumbukira kuti kuli mwana wa pa Gelemolo amene amalandira ndalama za Aluya. Kalata inafika ku Najma, yolembedwa ndi dzanja la a Makalisita, yoyamba ndi mawu akuti, "Wokondedwa mwana wathu mwa Ambuye." Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri munthu ali wodulidwa, lero wasanduka wokondedwa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ine ndinawaletsa. Ndinati, "Achimwene, amene anakudulani chingwe uja mpeni sanataye." Anandiyankha kuti, "Everson, sindikumangira Grayson. Belu lili pansi ngati mphika wotayidwa. Bambo anga ndikawamalizira pa limu ya galimoto?" Anaimbira a Makalisita foni, ine ndili pomwepo, n'kunena chimodzi chokha: nsanja ikatha, kulira koyamba kukhale kwa Bambo Walije, mabelu otsala aja. A Makalisita anavomera mwamsanga ngati mwana wolonjezedwa sikono. Malemu anati, "Khalasi, basi, tagwirizana." Zaka ziwiri anagwira ovataimu iliyonse imene inapezeka, ngakhale m'Julaye pamene phula limasungunuka. Zitsulo ndi mabawuti anazisankha okha m'mashopu a ku Najma, ine n'kuzinyamula ulere, koyamba ndi kotsiriza m'mbiri ya bizinesi yanga. Kalipentala wa ku Thyolo ankamulangiza pa foni ya kanema nthawi yopuma, mtanda ndi mtanda. Nsanja inatha mu Juni 2017, yolimba kuposa ya Petigulu. Chinatsala ndi lamba wa lilime, poti wakale anaolera m'matope. Malemu anati adikire, abwera naye okha pa tchuthi cha Disembala.

Sanadikire. Mu Ogasiti chaka chomwecho zinakwana zaka zana chimwalirire Petigulu, ndipo mdzukulutuvi wake wina analemba kuti abwera kudzaona manda. Akuluakulu anachita ngati akubwera ndi Mose. Anapakanso mwala, anasesa kasupe, anagula suti pangongole. Lonjezo lija analiika pansi pa buku. Lilime analimanga ndi waya wa mpanda, nagwirizana kulizira Petigulu mabelu makumi asanu ndi limodzi ndi limodzi, munthu woti analiziridwa kale mokwanira ndi Agogo Nampinga mu 1917. Pansi pa nsanja anayala tebulo la tiyi ndi masikono a mlendo. Mphwake uja anakoka. Pa kulira kwa khumi ndi chisanu ndi chinayi waya anaduka, lilime la makilo khumi ndi awiri linatsika n'kutera pakati pa tebulo. Tiyi anathira suti za pangongole zija. Mlendoyo anaseka, anajambula, anasiya katoni ya mabuku a nyimbo achingerezi opanda zikuto, n'kukwera galimoto yake. Sanalembenso.

Kuyambira tsiku limenelo belu la pa Gelemolo linakhala duu. Anayesa unyolo, linkalira ngati chidebe. Anayesa chubu cha njinga, lilime linkangovina osagunda. Anayesa chingwe cha nayiloni, chinaduka sabata yomweyo. Anabwerera ku limu yawo ya pa mango. Malemu atafunsa za lonjezo, anauzidwa kuti nkhaniyo ili ku komiti, ndi kuti pakhomo la nsanja aikapo loko kuopa anthu osaloledwa. Nsanja yomanga iwo, osaloledwa n'kukhala iwo. Tchuthi cha Disembala anachikana. Anati, "Ndikwere ndege ziwiri kukaona loko?" M'malo mwake, Lachisanu lililonse akachoka ku mapemphero, ankakhala pa masitepe a ku Najma ndi foni, kuphunzitsa mwana wawo woyamba, Callista, amene ndi mphunzitsi pa sukulu ya pa esiteti. Anamuuza ng'ombe yoti aphe m'khola mwawo, podula chikopa, ponyika, popinda, posoka. Malamba awiri oyamba anawakana atangowaona pa kanema. Wachitatu anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Agogo ako akanamulandira. Umusunge m'mafuta, usauze munthu."

Pa 22 Seputembala chaka chino anagwa pa geti masana, ali pa ntchito. Anawatengera ku chipatala, kumene madokotala anapeza kuti mtima unali utatopa kalekale. Anagona milungu itatu. Bambo Jafali sanajombe tsiku ngakhale limodzi, ankabwera ndi phala m'fulasiki ngakhale anamwino ankawakalipira. Masiku awiri asanatisiye anatiitana awirife, n'kutiuza mawu amene ndikuwerengereni monga anawanenera: "Kampani ikafuna kunditumiza kumudzi, mukane. Kumeneko ndikagona kunsi kwa msewu, n'kumamva belu likulirira a pa mabenchi. Kuno belu sililirira aliyense, kaya mudiri kaya wosesa, tonse timapita chimodzimodzi. Zaka zanga musandiwerengere, sindikuzifuna kwa iwo. Mumalize za bambo anga basi." Anamwalira Lamulungu pa 14 Okutobala 2018, ali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri.

Ndinakwera ndege pa tikiti yanga kukatenga chilolezo cha Mayi Eveless kuti aikidwe kuno. Analira, koma anasaina, anati amuna awo sananenepo chinthu kawiri. Ndisanabwerere ndinapita kukaona a Makalisita, kuti nanenso ndione munthu amene ndakhala ndikumva mbiri yake kuyambira pa Beitbridge. Ndaonana ndi mabwana a madoko ndi a misika ikuluikulu, ndiye ndinkayembekeza chimunthu. Ndinapeza kankhalamba ka zaka makumi asanu ndi atatu ndi chimodzi, miyendo yotupa, kali pakhonde ndi jekete yothimbirira tiyi. Asanapepese maliro anandifunsa ngati malemu anasiyako kena kake ka mpingo. Za mabelu anati komiti sinakumane. Koma mdzukulu wawo anandinong'oneza kuti agogowo sagona tulo, amangofunsa kuti iwo akadzapita adzawalizira chiyani, popeza benchi ali nayo, zaka ali nazo zambiri, koma belu lilibe lilime. Mawu amenewo ndinakawatula kwa Callista monga ndinawamvera. Anangogwedeza mutu.

M'mawa wa lero, sikisi koloko ya kumudzi, seveni ya kuno, Callista anafika pa nsanja ndi mayi ake, ndi amayi otchola tiyi oposa makumi anayi, madengu ali kumsana, aja ankayezetsa kwa kalaliki wosaponda sikelo. Mlongo wake Junior ankajambula, ine ndikuonera ku Najma. Loko ya pakhomo ndimaidziwa bwino, ndi zomwe ndimabweretsa ine kuchokera ku China. Mayi Eveless anaigogoda kamodzi ndi msana wa nkhwangwa. Callista anamanga chitenje m'chiuno, anakwera makwerero, amayi anayi akumukwezera lilime ndi chingwe, n'kulimanga ndi lamba uja. Akutsika, a Makalisita anafika atakwezedwa pa njinga ya kabaza, buku lili m'khwapa.

"Mtsikana iwe, tsika apo! Buku silikulola!"

"Ndatsika kale, agogo. Koma lamba ali m'mwambamo ndi wa ng'ombe yathu. Mukandiletsa ndikweranso, ndimumasula, ndipita naye kwathu. Tsiku lanu likadzafika, zaka zanu zonsezo adzakugogoderani pa limu."

A Makalisita anayang'ana buku, anayang'ana m'mwamba, kenako anayang'ana ku mtengo wa mango kumene limu inali kulendewera. Mwaonapo fisi atagwa m'mbuna? Anapempha mpando. Anavula chipewa. Ndipo Callista atagwira chingwe, nkhalamba ija inayamba kuwerenga mokweza, osati chifukwa cha ulemu ayi, koma kuopa kuti mwana wa Nampinga angawonjezere limodzi laulere. Callista anawauza kuti ayambire pa makumi awiri ndi anayi, pamene mpeni wawo unalekezera. Anayambira pomwepo.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Eveless Nampinga, ku Thyolo. Asiya ana atatu: Callista, Junior ndi Maness. Asiya zidzukulu ziwiri, mlongo wawo mmodzi, Mayi Maliyamu, ndi m'bale wawo wa pa bedi la pamwamba, Bambo Jafali, amene agwirizira sipika apowa.

Bambo Jafali, yala, tiyeni, kwezani mawu onse a sipikayo. Abale, pamene bokosi likutsika, vulani zipewa, muwerenge nawo. Limene mumveli ndi belu la pa Gelemolo monga lalirira m'mawa uno, Junior akujambula. Silikulirira Petigulu, silikulirira a pa benchi, ndipo monga anafunira eni ake, silikulirira amene tikuwaikawa. Likulirira Bambo Walije Nampinga, amene kuyambira lero Thyolo yense akudziwa kuti anamwalira ali nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi ziwiri. Ngongole yatha yonse: mabelu makumi anayi ndi anayi, osachotsera, osawonjezera.

Achimwene Macfussy, chingwe chisiyeni tsopano, mukhale pansi. Apumule mu mtendere.